Kalata yotseguka: Fodya ndi mowa zikutha mitsempha ya abambo athu

Kwa Olemekezeka a Nduna ya Zaumoyo, a Nduna ya Zachuma, aphungu a Nyumba ya Malamulo, akuluakulu a makhonsolo, ndi inu mafumu athu,

Ndikupatsani ulemu nonse. Ine ndine namwino, ndipo zaka zambiri za ntchito yanga ndathera m'chipinda cha abambo pa chipatala china cha boma. Ndalemba kalatayi poyera chifukwa nkhani yake si ya chipatala chokha. Mbali ina ili m'manja mwa otolera misonkho, ina m'manja mwa opereka ziphaso za malo omwera mowa, ina m'manja mwa a mfumu kumudzi. Nkhaniyo ndi ya mitsempha ya magazi ya abambo, imene fodya ndi mowa zikuiwononga mwakachetechete, ife n'kumawaona abambowo pamene madzi afika kale m'khosi.

Pamaliro ambiri a abambo a zaka za m'ma 40 ndi 50 mumamva mawu amodzimodzi. "Dzulo lomweli tinali nawo." "Sanadwale, angogwa." Ena amanong'onezana kuseli kwa siwa kuti munthu wamenyedwa ndi hamala, ndipo maso onse amatembenukira kwa agogo ena osauka a m'mudzimo. Inu mafumu mukudziwa kuti manong'onong'o otere aphetsa okalamba osalakwa m'dziko muno. Koma zoona zake n'zakuti ambiri mwa abambowa anayamba kudwala kalekale. Matenda a mitsempha amatenga zaka 10, 20, mwina kuposa, munthu akulima, akuyendetsa kabaza, akuseka ndi anzake pa bawo, wonenepa bwino, wooneka wamphamvu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndiloleni ndifotokoze zimene zimachitika, chifukwa ndaona kuti ngakhale anthu ophunzira amaganiza kuti fodya amangowononga mapapo, mowa n'kumangowononga chiwindi. Mitsempha imene imanyamula magazi kuchoka kumtima kupita m'thupi lonse ili ndi kakhungu kosalala m'kati mwake. Utsi wa fodya umavulaza kakhungu kameneka. Pamene pavulalapo, mafuta a m'magazi amayamba kukanirirapo, pamamera chotupa cholimba m'khoma la mtsempha, ndipo njira ya magazi imachepa chaka ndi chaka. Nikotini, mankhwala achilengedwe a mu fodya, amafinya mitsempha ndi kuthamangitsa mtima. Mpweya wa carbon monoxide wa mu utsi umalanda malo a okosijeni m'magazi, kotero mtima umagwira ntchito yaikulu ndi mpweya wochepa. Pamwamba pa izo, magazi a wosuta amaundana msanga. Tsiku lina chotupa chija chimang'ambika, magazi amaundana pomwepo, njira yatsekeka. Ukatsekeka mtsempha wodyetsa mtima, munthu amagwira pachifuwa, thukuta kamukamu, n'kugwa. Ukatsekeka wopita ku ubongo, ndiyo sitiroko: pakamwa pakhota, mawu asokonekera, dzanja ndi mwendo za mbali imodzi zafa.

Kafukufuku wamkulu wotchedwa INTERHEART, amene anachitika m'mayiko 52 ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2004, anapeza kuti wosuta ali pa chiopsezo cha kutsekeka kwa mtsempha wa mtima pafupifupi katatu kuposa wosasuta. Ndipo kwa abambo amene amandiuza kuti "ine sisitala ndimangosuta kamodzi patsiku", yankho lilipo. Mu 2018 akatswiri ataunika pamodzi kafukufuku wambiri anapeza kuti ndudu imodzi patsiku imabweretsa pafupifupi theka la chiopsezo chimene ndudu 20 zimabweretsa ku mtima. Mtsempha suwerenga ndudu monga momwe thumba limawerengera ndalama. Chingambwe chopichira pa pepala la nyuzi sichiposa ndudu ya m'paketi ubwino; utsi ndi utsi.

Mowa umalowera khomo lina. Umakweza BP, kuthamanga kwa magazi, ndipo BP yokwera ndiyo imapanikiza makoma a mitsempha usana ndi usiku mpaka kulimba, kapena mpaka kamtsempha ka mu ubongo kuphulika. Kumwa kwambiri nthawi imodzi kumasokonezanso kagundidwe ka mtima. Mtima ukamagunda mosalongosoka, magazi amatha kuundana m'kati mwake, kachibuluma n'kuthawira ku ubongo. Womwa kwambiri kwa zaka zambiri mtima wake umafooka, miyendo kutupa, kulephera kugona chagada chifukwa cha befu. Ndikudziwa kuti pali mawu amene amayenda, akuti mowa wapang'ono ndi mankhwala a mtima. Mu January 2023 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization linanena poyera kuti palibe muyezo wa mowa umene tinganene kuti ndi wosavulaza thanzi. Komanso tinene zoona, kamwedwe kathu si ka tambula imodzi pa chakudya. Ndi ka tsiku la malipiro, ka nyengo yogulitsa fodya ndi soya, koyamba Lachisanu madzulo n'kudzatha Lamlungu usiku, m'mimba mulibe kanthu koma kanyenya wothira mchere wambiri.

Ziwirizi zimayendera limodzi. Bambo amene wakhala miyezi osasuta amayatsanso ndudu ali pa bawa. Ndipo pali chinthu china chimene ndimachiona kawirikawiri: bambo amene tamuyambitsa mankhwala a BP amawasiya Lachisanu dala, poti anamva kuti mankhwala sayenderana ndi mowa. Ndiye masiku amene BP yake ikukwera kwambiri ndi omwewo amene alibe chomuteteza. Lolemba m'mawa amabwera naye pa machira.

Za mtima ndi ubongo anthu ayamba kuzimva pa wailesi. Zimene sizikambidwa ndi miyendo. Ndikukumbukira bambo wina, mlonda, wa zaka za m'ma 50, amene anasuta kuyambira ali mnyamata. Anandiuza kuti kwa nthawi yaitali akamapita kuntchito ankamva kukokana m'katumba. Akaima pang'ono kumasiya, akayambanso kuyenda kumabwerera. Ankaima m'mbali mwa msewu n'kumayerekeza kuyang'ana foni kuti anthu asaone kuti mwendo wakana. Anapaka mafuta otentha, anatemera mphini, anamwa panado. Kenako ululu unayamba kumudzutsa usiku, mpaka ankagona atalendeweretsa mwendo pansi pa bedi kuti apezeko bwino. Pofika kwa ife, chala chachikulu chinali chakuda bii, chouma, phazi lozizira, tsitsi la pa msongolo litathothoka, ndipo pogwira pamwamba pa phazi sindinamve kugunda kulikonse. Mwendo unadulidwa. Mkazi wawo anangondifunsa funso limodzi: "Nanga ntchito ya ulonda aigwira bwanji?" Bamboyu anali atapitako kuchipatala chaching'ono kangapo ndi ululu wa m'katumba uja. Palibe amene anamufunsa ngati amasuta, palibe amene anamuvula nsapato. Sindikunyoza anzanga a kumeneko, pakuti munthu mmodzi amaona mzere wa odwala wofika panja. Koma funso la fodya silidya ndalama, ndipo kugwira phazi sikutenga mphindi.

Palinso chizindikiro china chimene abambo amachibisa, ndipo ndikupepesa kuchitchula pamaso pa akuluakulu. Mitsempha ya ku umuna ndi yaing'ono kuposa ya kumtima, choncho nthawi zambiri ndiyo imayamba kuonetsa vuto. Bambo akayamba kufooka kuchipinda, kawirikawiri ndi chenjezo lakuti mitsempha ya mtima nayo ikudwala, ndipo chenjezoli limatha kubwera zaka zingapo mtima usanagwidwe. Koma bamboyo, poopa kunenedwa kuti wagwa m'papaya, sapita kuchipatala. Amagula gondolosi pa depoti, kapena timapiritsi tosadziwika kochokera, n'kumezera mowa womwewo. Bwana Nduna ya Zaumoyo, uthenga wakuti fodya amapha abambo ambiri saumva, chifukwa imfa amaiona kutali. Uthenga wakuti ndudu ikuwachotsera mphamvu m'nyumba angaumve lero lomwe. Ndi woona, ndipo tingaunene mwaulemu pa wailesi ndi pa mapaketi.

Chifukwa chiyani ndikunena za abambo? Ziwerengero ndi zanu zomwe. Mu 2009 Unduna wa Zaumoyo mogwirizana ndi World Health Organization unachita kafukufuku wa STEPS pakati pa anthu a zaka 25 mpaka 64. Anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri zedi mwa iwo sankadziwa kapena sanali pa mankhwala. Bambo mmodzi mwa anayi ankasuta, pamene amayi osuta anali pafupifupi 3 pa 100 alionse. Omwa mowa anali abambo pafupifupi 30 pa 100, amayi pafupifupi 4. Amayi nawo amadwala matendawa, ndipo ambiri amapuma utsi wa amuna awo m'kanyumba kopanda mawindo pamodzi ndi ana. Koma wosuta ndi womwa weniweni m'dziko muno ndi bambo.

Ndipo bambo yemweyo ndi amene chipatala sichimuona. Mayi amakumana nafe ku sikelo ya pakati, pobereka, ku sikelo ya ana, ku kulera. Pena paliponse pamenepo wina amamumanga lamba wa BP pa mkono. Bambo akachoka ku sikelo ali mwana, angathe kufika zaka 50 osayezedwapo BP ndi kamodzi komwe. Timakonda kunena kuti abambo ndi ouma mutu, safuna chipatala. Mwina. Koma mlimi kapena wa kabaza amene amadya zimene wapeza tsiku lomwelo sangataye tsiku lonse pa mzere pamene palibe chikumupweteka. Boma lomweli linaonetsa kuti limadziwa kuwapeza abambo likafuna. Pa nkhani ya mdulidwe munapita ndi magalimoto ndi zimkuzamawu mpaka m'misika. Pa nkhani ya kuyezetsa HIV munafika m'malo a ntchito, pa madoko a asodzi, m'mabwalo a mpira. Chitaninso chimodzimodzi ndi makina a BP. Apezeke ku okushoni ku Kanengo, ku Limbe, ku Chinkhoma ndi ku Mzuzu nyengo ya malonda a fodya, m'madepoti a minibasi, pa tsiku la msika, pakhomo la tchalitchi ndi la mzikiti. Alangizi a zaumoyo a m'midzi apatsidwe makinawo, ndi mabatire ake, chifukwa makina opanda mabatire ndawaona okwanira atagona m'madirowa.

Musaiwale abambo amene amabwera kale okha, olandira ma ARV. Kafukufuku amene anachitika pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anaonetsa kuti BP yokwera ndi HIV ndizo zikuluzikulu zimene zili kumbuyo kwa sitiroko kwa odwala athu. Munthu amene tamupulumutsa ku Edzi ndi ndalama zambiri, tisamutaye chifukwa sitinamuyeze BP kapena kumufunsa za fodya. Ku Neno anasonyeza kale kuti n'zotheka kuthandiza a HIV, a BP ndi a shuga pa khomo limodzi tsiku limodzi.

Kuyeza kokha sikuchiza. N'zopweteka kuuza bambo kuti BP yake yakwera moopsa, kenako n'kumulembera m'buku kuti akagule mankhwala ku famase chifukwa athu atha. Amagula a sabata imodzi, ndalama n'kutha, n'kusiya. Mankhwala ngati hydrochlorothiazide ndi amlodipine ndi otsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi bedi limene wodwala sitiroko amagonapo milungu, osawerengera mayi amene wasiya geni yake kuti azitembenuza mwamuna, kumusambitsa, kumudyetsa phala ndi sipuni, ndi mwana amene wasiyira sukulu panjira. Komanso wosuta amene akufuna kusiya timangomuuza kuti "siyani", basi. Nikotini ndi chizolowezi chogwira thupi, si kusowa khama. Mankhwala othandiza kusiya, monga chingamu ndi zomata pakhungu za nikotini, ali pa mndandanda wa mankhwala ofunikira wa World Health Organization. Afike m'zipatala za maboma, ndipo anamwino tiphunzitsidwe uphungu wake. Phindu lake limabwera msanga: munthu akatha chaka osasuta, chiopsezo cha matenda a mitsempha ya mtima chimatsika kufika pafupifupi theka la cha wosuta.

Tsopano kwa inu aphungu. Mu 2023 dziko lathu linalowa m'pangano la mayiko loletsa kufala kwa fodya, la Framework Convention on Tobacco Control, patadutsa zaka zambiri tikuzengereza. Ndinakondwa. Koma panganolo lili ndi zimene limafuna: kuteteza anthu ku utsi m'malo opezekamo anthu ambiri, machenjezo aakulu pa mapaketi, kuletsa kutsatsa malonda a fodya, kukweza msonkho, ndi kuyesetsa kuthetsa kugulitsa ndudu imodziimodzi. Lero pitani pa okala iliyonse, ndudu ikugulitsidwa imodziimodzi pambali pa maswiti, ndipo mwana wa pulayimale amene watumidwa ndi atate ake amapatsidwa popanda funso. Paketi yathunthu mnyamata sangaikwanitse, koma imodzi angathe, ndipo chizolowezi chimayambira pamenepo. Tikufuna lamulo lokhala ndi mano, osati siginecha yokha. Kumene malamulo otere anakhazikitsidwa, zotsatira zinaoneka m'zipatala: ku Scotland ataletsa kusuta m'malo otsekeka a anthu onse mu 2006, ogonekedwa chifukwa cha kutsekeka kwa mitsempha ya mtima anachepa ndi 17 pa 100 m'chaka chotsatira, ndipo ambiri mwa opulumukawo anali osasuta, ongopuma utsi wa anzawo.

Ndikudziwa chimene chimakumangani manja. Fodya ndiye amabweretsa gawo lalikulu la ndalama zakunja, ndipo ambiri a ife tinaphunzira ndi ndalama ya mabelo. Sindikunyoza mlimi wa ku Kasungu, ku Dowa kapena ku Mchinji. Koma fodya wathu pafupifupi yense amatumizidwa kunja. Mtengo wa burley ku okushoni sudalira kuti mnyamata wa ku Ndirande kapena ku Mchesi asute. Kuteteza mitsempha ya Amalawi sikuchotsa tambala m'thumba la mlimi, ndipo panganolo lomwe lili ndi gawo lothandiza alimi kupeza mbewu zina zodalira. Amene amasakaniza nkhani ziwirizi amatero dala.

Za mowa, mapepala alipo kale. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, patapita zaka zitatu anzathu a ku Zambia ataletsa tujilijili. Mu 2017 munakhazikitsa ndondomeko ya dziko yokhudza mowa. Koma mowa wa m'masacheti uja sunathe, unangosintha chovala. Uli m'timabotolo ting'onoting'ono timene anyamata amatitcha midoli, tolowa m'thumba la buluku, tamtengo wosasiyana kwenikweni ndi botolo la zoziziritsa kukhosi. Pa depoti oitanira minibasi amayamba kumwa dzuwa lisanatenthe. Inu a makhonsolo ndinu mumapereka ziphaso, ndinu muli ndi mphamvu pa nthawi yotsegula ndi yotseka. Shabini yoyandikana ndi sukulu, yotsegula mbandakucha, siili pobisika. Amene amatolera ndalama za msika amaidutsa tsiku ndi tsiku. Lamulo loti mowa usagulitsidwe kwa ochepera zaka 18 lilipo, koma sindinaonepo wogulitsa akufunsa chiphaso cha unzika.

A Nduna ya Zachuma, mtengo ndiwo umalankhula mokweza kuposa chikwangwani chilichonse. South Africa itakweza kwambiri msonkho wa ndudu kuyambira m'zaka za m'ma 1990, kusuta kunatsika, ndalama za boma zochokera ku msonkhowo n'kukwera. Scotland yomweyo mu 2018 inaika mtengo wotsikitsitsa umene mowa sungagulitsidwe pansi pake, molingana ndi ukali wake. Njira imeneyi ingagunde midoli mwachindunji. Mudzauzidwa kuti katundu wozembetsa achuluka kudzera ku Mchinji, ku Dedza ndi ku Mwanza. Kuzembetsa ndi mlandu wofuna kulimbitsa zipata, si chifukwa chosiyira poizoni kukhala wotchipa. Ndipo gawo la msonkho umenewo lilembedwe poyera kuti ndi logulira makina ndi mankhwala a BP, kuti womwa ndi wosuta adziwe kumene ndalama yake yapita.

Kachasu ndiye wovuta, ndipo sindikufuna kunamizira kuti msonkho ungamufike. Amene amatcheza nthawi zambiri ndi mayi wamasiye amene akusaka fizi ya ana. Kumuphwanyira mbiya popanda kumupatsa njira ina n'kungosamutsa mavuto. Apa ndi pa inu mafumu. M'midzi ina a mfumu anagamula kuti mowa usagulitsidwe anthu asanaweruke kumunda, ndiponso kuti mwana asatumidwe kukagula. Malamulo a m'mudzi otere amamveka kuposa a ku Lilongwe, chifukwa wowaphwanya amadziwika ndi dzina. Ndikupemphaninso kuti munthu akagwa mwadzidzidzi, pakamwa pakhota, mawu anu oyamba akhale oti apezeke galimoto kapena njinga yopita kuchipatala nthawi yomweyo. Maola oyambirira ndi amene amapulumutsa ubongo, ndipo odwala ambiri amatifika patatha masiku, atazungulira kwina.

Chaka chilichonse pa 31 May dziko lonse lapansi limakumbukira tsiku lopewa fodya, ndipo kuno timaguba ndi zikwangwani, kuvala malaya osindikiza, kumva zolankhula. Pempho langa n'lakuti pa tsiku limeneli a Nduna ya Zaumoyo adzaime ndi ziwerengero m'manja: bilo ya fodya yafika pati ku Nyumba ya Malamulo, zipatala zazing'ono zingati zili ndi makina a BP ogwira ntchito, ndi miyezi ingati imene mankhwala a BP anasowa m'maboma, abambo angati ayezedwa kunja kwa chipatala, ndi malo angati omwera mowa amene alandidwa ziphaso chifukwa chogulitsa kwa ana. Ziwerengerozo zilengezedwe m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao pa wailesi, boma lililonse palokha, kuti anthu a ku Nsanje ndi a ku Chitipa adziwe chofunsa phungu wawo akabwera.

Ine wanu pa ntchito,
Namwino wa m'chipinda cha abambo